MBALA INAULULA ZA MANCHESTER CITY, NANGA ENAWO ANALAKWANJI?

Owerenga athu amene amamvera mpira wa ku England pa wailesi alidziwa bwino dzina la Manchester City. Odziwa dzina la Rui Pinto ndi owerengeka, pamene mnyamata wa ku Portugal ameneyu anasautsa kalabu imeneyi koposa matimu ambiri amene inakumana nao pabwalo. Iye anali kulowa mwakuba m'makompyuta a makalabu, a maloya ndi a amalonda a mpira, nakopera makalata ao acinsinsi oyenda pa intaneti. Nchitoyi, imene anaicha Football Leaks, inayamba kumveka mu 2015, ndipo zikalata zimene anapereka ku nyuzipepala ya ku Germany yochedwa Der Spiegel zinapitirira mamiliyoni 70.

Mu Novembala 2018 nyuzipepalayo inasindikiza makalata a akuluakulu a Manchester City. Bungwe loyang'anira mpira ku Ulaya, la UEFA, linali ndi lamulo loletsa kalabu kuononga ndalama zambiri kuposa zimene ipeza yokha, kuti mwini wake wolemera asagule zikho ndi thumba lake. Makalatawo anaoneka ngati alikusonyeza kuti ndalama zocokera kwa mwini kalabu, Sheikh Mansour wa ku Abu Dhabi, zinali kulembedwa monga malipiro a kampani ya ndege ya Etihad. Kalabu inakana, niti makalatawo ngakuba ndipo anawerengedwa mokhotetsa. Mu Febuluwale 2020 UEFA inaletsa timuyi kusewera mipikisano ya ku Ulaya zaka ziwiri ndi kuilipitsa mayuro mamiliyoni 30. Koma mu Julaye caka comweco bwalo la milandu ya zamasewera la ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, linafafaniza ciletsoco. Linati milandu ina inalibe umboni wokwanira ndipo ina inali itapitirira zaka zisanu zololedwa. Linasiya cabe cindapusa ca mamiliyoni 10 cifukwa kalabu sinathandize ofufuza.

Bwalo lomwelo linabvomera kuwerenga makalata akubawo monga umboni, poona kuti nkhani yake inali yokhudza anthu onse okonda mpira. Komabe Pinto sanapulumuke. Anagwidwa ku Budapest mu Januwale 2019, ndipo mu Sepitembala 2023 khoti la ku Lisbon linampeza wolakwa pa kulowa m'makompyuta a eni ake popanda cilolezo, pa kutsegula makalata a anthu ena, ndiponso pa kuyesa kulanda ndalama kampani ya Doyen moiopseza ndi zinsinsi zake. Anagamulidwa zaka zinai, koma zosakhala m'ndende ngati sacimwanso.

Ena ati makhoti awiriwa anatsutsana. Ife tiona kuti onse anaweruza bwino. Munthu wamphamvu asabisale kumbuyo kwa mau akuti "cinsinsi" pamene afunsidwa za ndalama, ndipo tibvomereze kuti popanda Pinto mafunso amenewa sakadafunsidwa konse. Ndiye yemweyo amene anatulutsa zikalata zimene mu 2020 zinaonetsa m'mene Isabel dos Santos, mwana wa mtsogoleri wakale wa Angola, anapezera cuma cake. Koma ubwino wa zimene mbala yapeza m'nyumba sufafaniza kuthyola kwake kwa citseko.

Cimene citidetsa nkhawa ife ndi ici. Mlandu wonse wa UEFA pa Manchester City unatsamira pa makalata asanu ndi limodzi cabe. Nanga mamiliyoni enawo, ocokera m'maofesi ambirimbiri, munali ciani? Aliyense amene anakhalapo mlembi wa kalabu adziwa zimene zisungidwa m'ofesi yotere: mapangano a malipiro, manambala a ku banki, mapasipoti, malipoti a dokotala, maina ndi malo okhala a ana amene alikuphunzira mpira, kalata ya wanchito wopempha ngongole ya maliro. Eni ake a zinthuzi sanabe kanthu. Anapereka mbiri yao kwa kalabu cifukwa nchito inafuna tero, ndipo tsiku lina anamva kuti iri m'manja mwa mlendo. Ena anali anthu amene anauza loya wao zakukhosi, pokhulupirira kuti zathera m'cipinda momwemo. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pinto anaponya mwala, ndipo mkhate umene unasweka sunali wa khoswe.

Tisaganize kuti izi nza ku Ulaya kokha. Masiku ano ngakhale timu ya pamudzi iri ndi gulu lake pa WhatsApp, m'mene akomiti akambirana za ndalama, za wosewera wofika ataledzera, za wina amene adwala. Mlembi asunga m'foni mwake zithunzi za zitupa za anyamata onse. Sipafunika katswiri wa kompyuta kuti zimenezi zituluke. Akwanira munthu mmodzi amene wacotsedwa pa mpando, najambula mauthengawo ndi kuwamwaza mokwiya, kapena foni yosakhoma yoiwalika pa malo a mowa. Pofika madzulo, matenda a mwana wa eni ake alikukambidwa pa cigayo.

Nkhani ya matenda njofunika kuisamala koposa zonse. Pamene Enock Mwepu analeka mpira mu Okutobala 2022 cifukwa ca bvuto la mtima, dziko linamva kucokera kwa kalabu yake ya Brighton ndi kwa iye mwini, pa nthawi imene iwo anasankha. Ulemu umenewu uyeneranso mnyamata wosewera opanda nsapato ku Katete kapena ku Lundazi.

Dziko lathu liri ndi lamulo pa zimenezi, la Data Protection Act la 2021. Lamuloli liti wosunga mbiri ya anthu ena aitenge pa cifukwa codziwika, aigwiritse nchito pa cifukwa comweco, ndi kuicinjiriza kuti isagwe m'manja osayenera. Mbiri ya umoyo wa munthu liiika pakati pa zinthu zofuna cisamaliro capadera, ndipo zosungidwazo zikabedwa kapena kutuluka, wozisunga ayenera kudziwitsa Komishinala woyang'anira lamuloli msanga, pasanathe maola 24. Makalabu athu, akulu ndi ang'ono omwe, aleke kusunga mapepala amene nchito yake inatha, ndipo mlembi akasiya udindo apereke zonse kwa womlowa m'malo ndi kufafaniza zotsala m'foni mwake.

Tsono kwa inu amene mwaona kuti msungicuma alikudya ndalama za timu, sitikuti mukhale cete. Tengani uthenga umene uonetsa kubako, mupite nao ku komiti, ku bungwe la FAZ kapena ku polisi. Mauthenga ena onse, onena za banja la mnzanu, za ngongole zake ndi za ku cipatala, asiyeni pomwe munawapeza.