Kamera pa Chisoti: Mawu kwa Anyamata a Kabaza ndi Makolo Awo

Ulendo uno titsikire ku chigwa cha Shire. Aliyense amene anatsikapo mapiri a Chikwawa kuchokera ku Blantyre, napenya mtsinje wa Shire uli pansi apo ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo chapatali, sangadabwe kuti mnyamata wa njinga yamoto afuna kujambula msewu umenewu. Kuyambira pa Thabwa kudzera ku Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, foni za kamera zili m'matumba a anyamata a kabaza monga zilili kwathu kuno ku nyanja. Tsono funso lawo ndi lakuti: foniyo aimangirire pati poti manja onse ali pa chiwongolero?

Kufuna kudzipangira chomangira si kupusa ayi. Nick Woodman wa ku America, amene anayambitsa kampani ya GoPro mu 2002, poyamba ankamangirira kamera pa dzanja lake ndi mphira. Chimene ndikukana ine ndi chimodzi: kuboola chisoti.

Chisoti chili ndi zigawo ziwiri. Kunja kuli chigoba cholimba chimene chimamwaza mphamvu ya kugunda. M'kati muli chinthu choyera chopepuka chimene chimaphwanyika m'malo mwa mutu wanu. Mukaboola chigoba, mng'alu udzayambira pa bowolo tsiku la ngozi. Mukaikapo bawuti ndiye mwaonjeza, pakuti chitsulo chimenecho chaloza pa bade lanu. Guluu wamphamvu nayenso ngwosadalirika, chifukwa wina amadya pulasitiki mosaoneka ndi maso. Bungwe la WHO limati chisoti chabwino chingachepetse kuvulala kwa ubongo ndi 74 peresenti. Kodi nzoona tingasinthanitse zimenezi ndi kanema wa mphindi zitatu?

Njira yabwinopo nayi, kwa amene chisoti chake n'chotseka mpaka kuchibwano. Pezani kava yakale ya foni, muibowole timipata tiwiri kumsana. Dulani mphira ziwiri za chubu cha njinga, muzipise m'timipatamo ndi kuzikulunga pa chibwano cha chisoticho, foni itagona chopingasa. Pakati pa kava ndi chisoti ikanipo kachidutswa ka patapata wakutha kuti foni isanjenjemere. Pomaliza mangani kachingwe kakafupi koti kaigwire mphira ikaduka. Ndipo idzadukadi, chifukwa dzuwa la ku Nsanje mwezi wa Okotobala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, silichedwa kufumbutsa mphira. Muziiona m'mawa uliwonse. Ubwino wa mphira ngwakuti munthu akagwa foni imathothoka n'kupita kwake, chisoti n'kutsala chikugwira ntchito yake.

Pamwamba pa chisoti musaikepo. Foni imalemera pafupifupi magalamu 200, ndipo mphepo ikaiomba ili pamwambapo khosi ndilo limasenza. Pa chiwongolero napo mpokayikitsa: mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kungaononge kamera za foni zake. Kunena zoona, ine ndikadakonda kathumba ka nsalu ka pachifuwa kosokedwa ndi telala, kokhala ndi kabowo ka diso la kamera. Mutu umacheuka uku ndi uku, koma chifuwa chimayang'ana kutsogolo.

Makolo, inu amene mwagula njingayo pa ngongole, muuzeni mwanayo kuti ayatse kamera asanalize injini, ndipo azimitse ataima. Amene wanyamula munthu kumbuyo amufunse kaye ngati alola. Ndipo podutsa pa madooko pamene amayi akuchapa ndi kusamba, kaya ndi pa Shire kaya pa Mwanza, kamerayo izikhala yozima.