Mphunzitsi Amene Anafukula Zithunzi Zoiwalika

Ku masukulu a ukacenjede kuli phunziro la mbiri ya zojambula ndi zosema. Ophunzira ake amafufuza kuti cithunzi cakuti anacijambula ndani, liti, ndiponso pa cifukwa canji. Ambiri a ife tingati amenewo ndi maphunziro a anthu okhuta. Inenso ndinali kuganiza motero, kufikira pamene ndinadziwa mbiri ya Profesa David Driskell wa ku America.

Driskell anabadwa mu 1931 ku Eatonton, m'cigawo ca Georgia, pa nthawi imene ana akuda ndi ana a azungu sanali kuloledwa kuphunzira m'sukulu imodzi. Atate ake anali mbusa wa mpingo wa Baptist, ndipo amai ake anali kuluka madengu ndi kusoka zofunda za zigamba. Atalowa pa yunivesite ya Howard ku Washington, anagwa m'manja mwa mphunzitsi James Porter, amene mu 1943 analemba buku lofotokoza za anthu akuda odziwa kujambula. Masiku amenewo mabuku akuluakulu a phunziroli anali cete pa za anthu otere, ngati kuti sanakhaleko konse.

Apa ndipo pagona nkhani. Cinthu cikapanda kulembedwa, adzukulu amayamba kukhulupirira kuti makolo ao sanacite kanthu. Driskell anakana zimenezo. Pamene anali kuphunzitsa ku Talladega, ku Howard ndi ku Fisk, sanaleke kufunafuna zithunzi m'nyumba za anthu ndi m'zipinda zosungiramo katundu, nafunsa maina a eni ake. Zipatso za khama lake zinaoneka mu 1976, caka cimene America anakondwerera zaka 200 za ufulu wake. Ku Los Angeles anakonza cionetsero ca nchito zoposa 200 za amisiri akuda 63, kuyambira mu 1750 kufikira mu 1950. Cionetseroco cinapitanso ku Atlanta, ku Dallas ndi ku Brooklyn. Kuyambira pamenepo kunali kobvuta kuti munthu wophunzira aimirire ndi kunena kuti akuda alibe mbiri ya luso.

Ndikamaganizira zimenezi mtima umandipweteka pang'ono. Pa parishi yina imene ndinatumikirako, tinapeza zosema zokongola zitaunjikidwa kuseri kwa kabati, ciswe citadya kale mbali yina. Ndinafunsa akuluakulu onse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wokumbukira dzina la wosemayo. Ine ndemwe sindinalembe ngakhale zocepa zimene anandiuza tsikulo.

Mu 1977 Driskell anasamukira ku yunivesite ya Maryland, kumene anaphunzitsa kufikira mu 1998. Ndiye analangiza a ku White House kuti agule cithunzi ca Henry Ossawa Tanner coonetsa milu ya mcenga dzuwa liri kulowa, cimene cinakhala coyamba ca munthu wakuda pa zithunzi za nyumba ya mtsogoleri wa dzikolo. M'caka ca 2000 Purezidenti Clinton anampatsa mendulo ya ulemu.

Koma cimene candigwira mtima koposa si mendulo. Munthuyu analinso mmisiri wa manja, ndipo luso lake sanalitsekere m'kalasi. Anakonza maonekedwe a mazenera a magalasi amitundumitundu a chalichi ca Peoples Congregational ku Washington, kumene iye mwini anali kupemphera. Anakonzanso mazenera 65 a nyumba ya mapemphero ya ku Talladega, sukulu yomwe ija anayambirapo uphunzitsi ali mnyamata mu 1955. Mwana wa mbusa wa kumudzi anabweza cimene analandira, pa malo amene munthu wamba angacione popanda kulipira kanthu pakhomo.

Anamwalira pa 1 April 2020 ndi matenda a Covid-19, ali ndi zaka 88. Ku Maryland kuli likulu la kafukufuku lochedwa ndi dzina lake, limene linakhazikitsidwa mu 2001, ndipo makalata ake akusungidwa komweko.