Trout Ili ndi Alonda, Mpasa Ilibe Mwini

M'dziko muno muli nsomba imodzi imene idalandira ulemu wa mfumu, koma si ya kuno. Dzina lake ndi trout, ndipo Chichewa ngakhale Chitonga chathu cha kuno ku Nkhata Bay sichidavutike n'kuipatsa dzina. Kwawo ndi kumitsinje yozizira ya ku North America. Atsamunda adabwera nayo m'chaka cha 1906, osati kuti anthu apezepo ndiwo ayi, koma kuti bwana akaweruka ku ofesi azikhala ndi chosangalalira. Adaithira m'mitsinje ya paphiri la Zomba, ndipo pambuyo pake idafika ku Mulanje ndi ku Nyika. M'nyanja yathu singakhalemo chifukwa madzi ake ndi ofunda.

Kawedzedwe kake n'kodabwitsa kwa munthu wokulira pabwato. Wowedza trout satenga nyongolotsi kapena usipa. Amatenga nthenga ndi ulusi n'kumangirira pambedza kanthu kooneka ngati kachirombo kogwera m'madzi. Chingwe amachikupiza m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka kanthenga kaja katera pamadzi mwakachetechete. Atha kuima tsiku lonse m'chisanu cha ku Chelinda n'kugwira nsomba ziwiri zokha, inanso n'kuibwezera m'madzi. Asanaponye mbedza amayamba wadula chiphaso. Ukonde saulola, mono saulola, mankhwala ndiye musanene n'komwe.

Anzanga ambiri akamva zimenezi amafa nacho chikhakhali, amvekere ndi masewera a anthu okhuta. Ine sindiseka nawo. Chimene chimandiwawa n'chakuti nsomba yachilendo, imene ambiri a ife sitidailaweko, tidaiikira malamulo ndi alonda, pamene nsomba yathuyathu ya m'mitsinje tidaisandutsa mwana wamasiye.

Ndikunena mpasa. Nsomba imeneyi sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja ino ndi m'mitsinje yothira m'menemo. Imatha kukula mpaka makilogalamu 4, ndipo azungu omwe aja ataona mphamvu zake adaiyerekeza ndi nsomba yawo yotchuka yotchedwa salmon. Mpasa imakulira m'nyanja, koma siswanira m'nyanja. Mitsinje ikadzaza imasiya nyanja n'kuyamba ulendo wokwera mtunda, kulimbana ndi madzi othamanga, kufunafuna malo osaya a timiyala toyera pomwe ingaikire mazira. Ana ake amayamba akulira mumtsinje momwemo asanatsikire kunyanja. Mng'ono wake sanjika amachitanso chimodzimodzi. Bua, Linthipe, Dwangwa, North Rukuru ndi Luweya wathu yemweyu, amene amatsika kumapiri a Viphya n'kudzathira m'nyanja kumpoto kwa Chintheche, ndizo zipinda zochiriramo nsomba zimenezi.

Nanga ife mayi wapakatiyu timamulandira bwanji? Timamudikirira pakamwa pa mtsinje ndi maukonde. Akapulumuka pamenepo akumana ndi mpanda wotseka mtsinje wonse, tsidya lino mpaka tsidya lija, miono ili ndandanda. Akadutsa apo, wina wasinja katupe n'kuthira padziwe, kupha chachikulu ndi chaching'ono chomwe, ngakhale chimene sangadye. Tiana tikati titsike, tipeza neti ya udzudzu, imene idaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, itatchingidwa m'madzi. Kumtunda nako nkhwangwa ndi khasu sizikupuma. Talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo mvula ikagwa dothi lonse limatsikira m'madzi n'kukwirira timiyala tija. Dzira la mpasa likakwiririka m'matope silipuma, limafa. Munthu wopha nkhuku yofungatira timati mutu wake sukuyenda bwino. Nanga ife titchedwe ndani?

Amene akuganiza kuti nsomba sizitha akafunse agogo ake za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila idali m'gulu la nsomba zophedwa kwambiri m'nyanja ino. Nayo inkakwera mitsinje kukaswana, nafe tinkaidikirira panjira. Lero kuli achinyamata ku Kande, ku Chintheche ndi ku Usisya amene adabadwa, kukula mpaka kukwatira osaionako ntchila m'mbale. M'chaka cha 2018 akatswiri a bungwe la IUCN adaika mitundu ina ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mpasa ili pamzere womwewo.

Ndikudziwa yankho limene ndipatsidwe, ndipo silopepuka. Adzati mlendo wa ku Nyika amabweza nsomba m'madzi chifukwa chakudya chikumudikira kumalo ogona, pamene msodzi wa ku Luweya akabweza nsomba ndiye kuti ana agona ndi njala. N'zoona. Njala ilibe manyazi, ndipo sindingauze mayi wamasiye kuti azimanga nthenga pambedza. Koma tiyeni tifunsane: trout itatha ku Nyika, mlendo uja ataya chiyani? Akwera ndege kukawedza ku Kenya kapena ku South Africa. Mpasa ikatha mu Luweya, msodzi wathu akwera chiyani? Wosaukayo ndiye woyenera kuulondera mtsinje kuposa wina aliyense, pakuti alibe mtsinje wina. Mlimi ngakhale njala ivute chotani sakazinga mbewu yonse.

Ena adzati kutseka madzi ndi nzeru zachizungu. Bodza lamkunkhuniza. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa pachilumbapo. Lamulo limenelo silidachokere ku London. Nalo lamulo la boma la zausodzi la 1997 lidapereka mpata woti anthu a m'midzi, kudzera m'makomiti awo a m'madoko, aziyang'anira nawo nsomba. Mtsinje wa Bua, pamene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, waonetsa kuti mitengo ikasiyidwa m'mbali ndipo alonda akakhalapo, mpasa imapeza popumira. Nzeru tili nazo, malamulo tili nawo. Chikusowa ndi mtima woti chathu n'chamtengo wapatali ngakhale mzungu asanachijambule.

Sindikuti trout ichotsedwe. Ikhale komweko kumapiri, alendo azilipira, ndalama zizilowa. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kamene wowedza ndi nthenga watibweretsera ndi aka: dziwa nthawi yoswana, tenga zochepa, siya madzi ali oyera. Ndikupempha mafumu a m'mbali mwa Luweya kuti agwirizane miyezi imene pakamwa pa mtsinje pasaponyedwe ukonde. Mpanda uliwonse uzisiya mpata woti nsomba zidutse. Wothira katupe aziweruzidwa pabwalo ngati wothira poizoni m'chitsime, pakuti mlandu wake ndi womwewo. Wolima m'gombe la mtsinje abwerere m'mbuyo, pamalopo pabzalidwe mitengo ndi bango. Alangizi a zausodzi asamathere kudoko kokha, azikweranso mitsinje.

Nafenso alembi tisadzipatule. Tatamanda nyanja mokwanira, mafunde ake ndi kutuluka kwa dzuwa, koma mitsinje imene imaidyetsa taiiwala. Tikapitiriza chonchi, mawu akuti mpasa adzatsala m'mabuku okha, ndipo mwana wa ku Chintheche adzafunsa aphunzitsi kuti chimenechi n'chiyani, pamene trout ya ku America ikusambirabe mwaufulu ku Chelinda, mlonda ali pambali.