Chuma Chapansi Sichidziŵika ndi Mphekesera

Nkhani ya mafuta m'dziko muno siyachilendo. Lamulo la kafufuzidwe ka mafuta linakhazikitsidwa m'chaka cha 1983, ndipo m'chaka cha 2011 kampani ya Surestream Petroleum inapatsidwa chilolezo chofufuza pa Nyanja ya Malaŵi. Koma chilolezo si mafuta ai. Umboni weniweni umapezeka pokhapokha chitsime chakumbidwa ndi kuyezedwa.

Kuyeza kumeneku kunayambira ku Pechelbronn m'dziko la France m'chaka cha 1927, ndi luso la Conrad Schlumberger ndi mbale wake Marcel. Akatswiri amatsitsira chipangizo m'chitsime ndi chingwe, ndipo pochikoka pang'onopang'ono chimalemba za thanthwe lililonse. Madzi a mchere amalola magetsi kudutsa mosavuta, pamene mafuta amawakaniza. Thanthwe la dongo limatulutsa cheza chochuluka kuposa la mchenga. Liŵiro la phokoso podutsa m'mwala limasonyeza kuchuluka kwa timipata tosunga madzi kapena mafuta. Zitatuzi zikaŵerengedwa pamodzi, mpamene munthu angalankhule zoona.

Anthu a ku Bowe ayenera kuuzidwa mosabisa kuti mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi a miyala yakale kwambiri imene inapsa ndi kutentha kwa pansi pa dziko, ndipo mwala wotere susunga mafuta. Mafuta amafunidwa m'zigwa momwe matope ndi mchenga zinaunjikana kwa zaka zochuluka, monga pansi pa nyanja ndi kuchigwa cha Shire. Choncho wina akafika m'mudzi nkumati munda uli pa mafuta, augulitse msanga, ameneyo ndi tambwali.

Komabe phunziro la akatswiriŵa likukhudza Bowe. Mjigo uliwonse wokumbidwa ndi mwai woŵerenga nthaka. Ogwira ntchito m'Boma aonetsetse kuti wokumba walemba kuya kwa chitsime, mtundu wa mwala pa mita iliyonse ndi pamene madzi anapezeka, asanalandire malipiro ake. Zolembazo zisungidwe bwino ku ofesi ya zamadzi. Zikasoŵa, mudzi woyandikana udzataya ndalama pa chitsime chouma, ndipo amai adzapitiriza kulaŵirira kudambo.

Atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, mafumu ndi aphunzitsi ali ndi udindo woletsa mphekesera ndi kulimbikitsa ana pa masamu ndi sayansi, kuti dziko likhale ndi akatswiri akeake oŵerenga miyala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fodya wa pamphuno ku Bowe ndiye munda ndi madzi abwino.