ZA CHILENGEDWE CHA MULUNGU: Chulu Chopanda Kapitao ndi Makina Olankhula

Mwezi uno tiyeni tiwerame pang'ono ndi kupenya pansi, pamene payenda tizilombo timene ambiri a ife timatiponda osazindikira. Buku la Miyambo m'mutu wa 6 litumiza munthu waulesi kwa nyerere, ndipo alaliki athu amakonda kuima pa khama la kachilomboka. Komatu m'ndime zomwezo muli mfundo ina imene kawirikawiri timailumpha, ndiyo yakuti ntchito yonseyi ichitika popanda wozilamulira. Mfundo imeneyi yasautsa mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zambiri, ndipo lero lino ikhudza ngakhale makina amene ana athu anyamula m'matumba mwao.

Aliyense amene anagumulapo chulu pofuna dothi loumbira njerwa adziwa kuti m'kati mwake muli zipinda, tinjira todutsa mpweya, ndi minda ya bowa imene chiswe chidzilimira. Anthu amati mwini wa zonsezi ndi manthu. Koma manthu agona m'chipinda chake ali wonenepa kotero kuti sangathe kuyenda, ndipo ntchito yake ndiyo kuikira mazira basi. Antchito ake ndi akhungu. Nanga mapulani a nyumba yotereyi asunga ndani?

M'chaka cha 1959 katswiri wa ku France, Pierre-Paul Grassé, anapereka yankho limene lakhazikika kufikira lero. Iye anaona kuti chiswe chimodzi chimatola kadothi, nkukanyowetsa ndi malovu okhala ndi kafungo, nkukasiya paliponse. Chinzake podutsa chikopeka ndi fungolo, ndipo chisiya kadothi kake pomwepo. Pamene paunjikana dothi lambiri ndi pamenenso fungo lichuluka, kotero pamera mzati. Mizati iwiri ikayandikana, mitu yake ipendekera kwa inzake mpaka ikomana. Palibe chiswe chinauza chinzake chochita. Ntchito yogwiridwa kale ndiyo iuza wobwera m'mbuyo pamene aike dzanja. Ife tidziwa zimenezi ku njira ya kuchitsime: palibe mfumu inaiyeza ndi chingwe, koma woyamba anapinda udzu, wachiwiri anaponda pomwepo chifukwa panali pofewa, ndipo patapita nyengo mudzi wonse uyenda m'menemo.

Nyerere zichita chimodzimodzi pofuna chakudya. Cha m'ma 1989, ku yunivesite ya ku Brussels, Jean-Louis Deneubourg ndi anzake anaika mlatho wa nthambi ziwiri pakati pa chisa cha nyerere ndi chakudya, nthambi ina yaifupi, ina yaitali. Poyamba nyerere zinagawikana. Koma zodzera kufupi zinabwerako msanga, fungo lao linachuluka msanga, ndipo posachedwa pafupifupi gulu lonse linatsata njira yaifupi, ngakhale panalibe nyerere imodzi imene inayerekeza njira ziwirizo. Tsono tamverani mbali yachiwiri ya nkhaniyi, pakuti tidzaifuna kutsogoloku. Pamene akatswiriwo anayamba ndi nthambi yaitali yokha, nadzaonjeza yaifupi fungo litakhazikika kale, nyerere zinakakamira njira yaitali ija. Mkwaso wopondedwa kwambiri unapambana mkwaso wabwino.

Njuchi nazo zili ndi msonkhano wao. Karl von Frisch, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1973, anaonetsa kuti njuchi ikapeza maluwa ivina m'mng'oma, ndipo kavinidweko kauza zinzake mbali ndi mtunda wake. Thomas Seeley wa ku Cornell anatsata mmene dzombe la njuchi lisankhira malo atsopano: azondi apita uku ndi uku, aliyense avinira malo amene waona, wopeza malo abwino avina nthawi yaitali, ena apita kukadzionera okha, ndipo gulu linyamuka pokhapokha azondi okwanira atasonkhana pa malo amodzi. Manthu alibe voti. Ife a Chipresbiteriyo, amene tiyendetsa mpingo mwa mabwalo a akulu, tingamwetulire pang'ono pomva zimenezi, ngakhale tiyenera kuvomera kuti njuchi zitha nkhani zao msanga kuposa misonkhano ina imene tinakhalapo.

Apa ndi pamene akatswiri a kompyuta analowera. Taganizani za wamalonda amene afuna kuyendera matauni angapo, lililonse kamodzi, ndi kubwerera kwao mwachidule. Matauni akakhala 10, maulendo otheka ndi 181,440. Akakhala 15, apitirira mabiliyoni 43. Kuyesa uliwonse nkosatheka matauni akachuluka. M'chaka cha 1992 Marco Dorigo, wophunzira wa ku Milan, analemba njira yotumizira nyerere zongoyerekeza m'kati mwa kompyuta. Iliyonse iyenda ulendo wake ndi kusiya chizindikiro chonga fungo, chochuluka ngati ulendowo unali waufupi. Zobwera m'mbuyo zikonda kudzera pamene chizindikiro chachuluka. Mwanzeru, Dorigo anakonza kuti fungolo lizizirala ndi nthawi, ndi kuti nyerere zina zizipatuka mwa apo ndi apo, kuopera kuti gulu lingamatirire njira yoipa. Nzeru imeneyi yagwiritsidwa ntchito pokonza maulendo a magalimoto a katundu. Ndipo mu 2014, ku Harvard, anaonetsa timaloboti timene tinamanga nsanja za tinjerwa popanda wotilamulira, kalikonse kakungoyang'ana pamene kanzake kasiyira.

Nanga chinenero chilowa bwanji m'nkhaniyi? Tafunsani kuti anayamba Chichewa ndani. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linaongola kalembedwe, koma chinenerocho linachipeza chilipo. Amene anamasulira Buku Lopatulika anachita kumvetsera pakamwa pa anthu a m'midzi. Palibe komiti inakhala pansi nkupangana kuti tizinena munthu wamkulu koma chinthu chachikulu. Mwana aphunzira malamulo onsewa pamsana pa amake asanaone choko. Mau amene anthu awagwiritsa ntchito alimba ngati njira yopondedwa. Amene asiyidwa amera udzu. Chitsanzo choonekera ndi cha ku Nicaragua. Kumeneko ana osamva anasonkhanitsidwa m'sukulu za mu mzinda wa Managua kuyambira mu 1977, aphunzitsi akuyesa kuwaphunzitsa kuwerenga milomo. Koma pabwalo la masewero ndi m'mabasi anawo anayamba kukambirana ndi manja, ang'ono akumanga pa zimene akulu anasiya, mpaka panabadwa chinenero chatsopano chokhala ndi malamulo ake. Mlengi anaika mphatso ya kulankhula mwa mwana aliyense, monga anaika lamulo lake mwa chiswe chilichonse. Chotuluka pamene asonkhana chiposa chimene aliyense akadapanga yekha.

Tsono tafika pa makina olankhula, onga ChatGPT imene inatuluka mu Novembala 2022, ndipo achinyamata athu ayamba kuifunsa za sukulu, za matenda, ngakhale za Mau a Mulungu. Makina amenewa sanamangidwe pa njira ya Dorigo, ndipo sitifuna kukokera fanizo lathu kumene silifika. Komabe kufanana kulipo. Anadyetsedwa zolemba zosawerengeka za anthu, ndipo ntchito imene anaphunzira poyamba ndiyo kulosera mau amene ayenera kutsata pa amene alembedwa kale. M'kati mwake mulibe kabuku ka malamulo a galamala kolembedwa ndi munthu. Muli manambala mabiliyoni ambiri amene anasunthidwa pang'onopang'ono, lililonse losatanthauza kanthu palokha. Pambuyo pake anthu olembedwa ntchito amaongola mayankho ake, koma maziko ake ndi mikwaso imene ife anthu tinaponda polemba.

Chifukwa chake tikumbukire mlatho wa ku Brussels uja. Chimene anthu ambiri analemba ndicho makina apeza chosavuta kunena, chikhale choona kapena chabodza, ndipo achinena ndi ulemu ndi kulimba mtima kofanana. Apekanso: angatchule buku limene kulibe, kapena kuika m'kalata ya Paulo mau amene Paulo sanalembe, chifukwa mauwo amveka ngati ake. Mnyamata amene akonzekera phunziro la Sande Sukulu angafunse makinawo, ife sitiletsa. Koma atsegule Baibulo ndi kuona ngati ndimeyo ilidi pamene auzidwa. Njuchi yomwe siikhulupirira gule wa inzake isanapite kukaona malowo.

Pali ngozi inanso imene nyerere zitionetsa. M'chaka cha 1921 William Beebe anafotokoza zimene anaona m'nkhalango ya ku Guyana: nyerere za mtundu wonga linthumbu zinasokera njira, nkuyamba kutsatana mozungulira, iliyonse ikutsata fungo la inzake ya patsogolo. Bwalo lao linali la mamita pafupifupi 370, ndipo zinazungulira mpaka zambiri zinafa ndi kutopa. Iliyonse inasunga lamulo lake mokhulupirika, koma panalibenso chochokera kunja choongola gululo. Mu 2024 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Ilia Shumailov ndi anzake woonetsa kuti makina olankhula akaphunzitsidwa mobwerezabwereza ndi zolemba za makina anzao, amaonongeka mbadwo ndi mbadwo, ndipo zoyamba kutayika ndi zinthu zosowa, zimene zinalembedwa kawirikawiri pang'ono.

Apa nkhaniyi itikhudza ife eni Chichewa koposa azungu. Chingerezi chili ndi misewu yaikulu pa intaneti, pamene chinenero chathu chili ndi timikwaso towerengeka, ndipo zina mwa zolembedwazo nzomasuliridwa ndi makina kuchokera ku Chingerezi. Ndicho chifukwa chake Chichewa cha makinawa nthawi zina chimveka ngati cha mlendo wovala zobwereka. Mwana akachiwerenga tsiku ndi tsiku adzayamba kulemba motero, makina adzaphunziranso kwa iye, ndipo bwalo la ku Guyana lija lidzakhala litatsekeka. Mau osowa amene adzayambe kugwa ndi amene agogo awadziwa koma sanalembedwe: maina a mitundu ya bowa ndi ya mbewa, maina a mphepo ndi a mvula, mau a pamtondo, a padambwe la usodzi, ndi a ulemu wa pamaliro. Ambiri a mau amenewa akali m'kamwa mwa anthu amene akhala pa mabenchi a kutsogolo m'tchalitchi mwathu Lamulungu lililonse, ndipo adzukulu ao ali ndi mafoni otha kujambula mau.