Chainsaw yakale ikadzuka, imakadula mtengo wa ndani?

Ku Germany, ku Sweden ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa machainsaw akale ngati chosangalatsa chabe. Amagula makina adzimbiri, amawamasula chidutswachidutswa, amatsuka, amapenta, kenako n'kuwaika pa shelefu m'galaja. Anzawo akabwera Loweruka amawaliza mphindi ziwiri kuti amve kulira kwake, basi. Kwathu kuno shelefu yoteroyo kulibe. Chainsaw imene yadzuka lero pa benchi ya makanika pa Katete Stores, mawa m'mamawa yamangidwa kale ndi mphira kumbuyo kwa honda, ulendo wa kuthengo. N'chifukwa chake ife achinyamata amene timakonda kuseweretsa zitsulo sitingaikambe nkhaniyi ngati masewera. Maganizo athu ndi akuti luso limeneli tiliphunzire, tilidziwe bwinobwino, koma tileke kunamizira kuti zimene makinawo amakachita akachoka m'manja mwathu sizitikhudza.

Kukoma kwake tisakubise. Pa injini zonse zimene mnyamata kapena mtsikana angayambirepo, ya chainsaw ndi imodzi mwa zosavuta kuzimvetsa. Pisitoni ndi imodzi, mavavu palibe, batire palibe, ndipo yonse imakwana pa thebulo lodyera. Imafuna mafuta, mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza m'silinda. Makina ambiri amene eni ake anawataya kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti anafa, sanafe ayi. Ena paipi ya mafuta inang'aluka. Ena timphira tam'kabureta tinauma chifukwa petulo anagonamo miyezi yambiri. Ena sefa ya mpweya inatsekeka ndi utuchi, ndipo ena pulagi inangoda ndi mwaye; ukaitsuka n'kuika mpata wake pa 0.5 mm, injini imalira ngati sinadwalepo. Amene anamvapo chinthu chimene chinakhala chete zaka zitatu chikutsokomola koyamba amadziwa chifukwa chake ena a ife timaiwala ndi nsima yomwe.

Amene anafadi, ambiri anaphedwa ndi dzanja la munthu. Injini imeneyi ilibe malo osungiramo oilo ngati ya galimoto. Oilo amalowa pamodzi ndi petulo. Opanga ngati Stihl amati oilo wawo wa two-stroke asakanizidwe pa muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza 100 ml pa malita 5. Kumudzi muyezo ndi chitsekerero cha botolo ndi diso la mwini wake, ndipo oilo wake nthawi zina ndi wotsala wa galimoto. Wina amabwera n'kupotokola sikulu ya H pa kabureta kuti makina azilira mokweza, ati ndiye mphamvu. Kumeneko n'kuchepetsa mafuta, ndipo mafuta akachepa oilo nayenso wachepa. Injini imatentha, pisitoni imakanda silinda, ndalama ya chimanga cha chaka chonse yapsa m'mphindi khumi. Makanika wabwino amachotsa saelensa n'kusuzumira: mizere ya pa pisitoni imamuuza nkhani yonse mwini wake asanayambe kunama.

Pali luso lina limene anthu amalipeputsa, la kunola tcheni. Mano amene timawaona pa tcheni masiku ano anawatulukira ndi Joseph Cox wa ku Oregon, amene anayang'anitsitsa mmene mphutsi ya kachilombo kena imabowolera mtengo, n'kuyamba kupanga tcheni yake mu 1947. Dzino lililonse limafuna tupa yozungulira ya saizi yake, yogwiridwa mopendeka pa madigiri 30, ndipo kamutu kotsogolera dzino kamafuna kutsitsidwa pang'ono nthawi ndi nthawi. Tcheni yakuthwa imatulutsa zipalapala zikuluzikulu ndipo imadzikoka yokha kulowa mu mtengo. Yobuntha imatulutsa fumbi ngati ufa, wodula amakankha ndi mphamvu, mafuta amatha, bala imapsa, munthu amatopa, ndipo munthu wotopa ndiye amadzicheka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene sangakhale pansi ndi tupa theka la ola, ntchito iyi si yake.

Tinenenso za msika. Andreas Stihl anapanga chainsaw yake yoyamba mu 1926, ya magetsi, ndipo ya petulo inabwera mu 1929. Husqvarna anayamba mu 1959. Mayina amenewa ndi akale ndipo anthu amawakhulupirira, n'chifukwa chake akuba amawakonda. M'mashopu ena muli makina opentedwa mitundu yomweyo, zilembo zomwezo, pa mtengo wotsika moti munthu wanzeru ayenera kudabwa. Zitsulo zake n'zofewa, mabawuti amatha mazinga pa kumasula kwachiwiri. Stihl 070 yeniyeni yakale, ya 106cc, kapena Husqvarna 61 imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi, ikapeza makanika wodziwa imatha kukwirira makina abodza atatu. Apa kukonza chakale kumapulumutsa thumba la mlimi, ndipo ife tikuchemerera.

Komabe makina amenewa sadula chimanga. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, malaiti anayamba kuzima mpaka maola 21 patsiku, ndipo tonse a m'tauni, ku Chipata ngakhale ku Lusaka, tinabwerera pa mbaula. Aliyense amene wayenda pa Great East Road pakati pa Sinda ndi Katete anawaona matumba a malasha atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Sitikunena kuti onse ndi ntchito ya chainsaw. Mitengo yambiri ya malasha imagwa ndi nkhwangwa, ndipo kutsegula minda, kuwotcha njerwa ndi kuumitsa fodya kumadyanso thengo. Chimene chainsaw imasintha ndi liwiro, komanso kukula kwa mtengo umene ungagwe. Mlombwa kapena mbawa imene agogo athu anaisiya chifukwa nkhwangwa inkaiopa, mtengo umene watenga zaka makumimakumi kuti ufike pamenepo, umagona pansi munthu asanamalize botolo la maheu. Ndipo pocheka matabwa, tcheni imadya njira yotakata kuposa macheka a pa sawmill, moti gawo lalikulu la mtengowo limatsala kuthengo ngati utuchi ndi makungwa.

Nkhani ya mukula tonse tikuikumbukira. Mitengo inatuluka m'dziko muno pa mathiraki, boma linaletsa kudula kwake mu 2017, ndipo mu 2019 mayiko a m'pangano la CITES anauika pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo chapadera pogulitsa kunja. Anyamata amene ankadula analandira zochepa. Olemera anali ena. Makina onse amene anagwira ntchito imeneyo anali ndi munthu wowakonzera.

Ena mwa ife amayankha kuti, "Ine ndine makanika chabe, sindine wapolisi kapena wa Forestry. Wonola mpeni safunsa ngati ukukasenda mbatata." Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo munthu amene sanapeze kasitomala kuyambira Lolemba simungamuuze nkhani ya nyengo. Komanso ukakana iwe, wa pa shopu yachitatu avomera. Koma tisadzichepetse dala. M'boma laling'ono ngati Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012 ndipo lili pa malire ndi Malawi ndi Mozambique, anthu odziwa kutsegula kabureta ya chainsaw ndi owerengeka, ndipo amadziwa bwino amene amadula bulugama wa m'munda mwake ndi amene amalowa m'phiri usiku. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo kwa wodula mitengo yogulitsa ndi kwa woinyamula. Kufunsa kuti, "Bambo, pepala muli nalo?" si kugwira ntchito ya polisi. Wotikonzera foni pa msika amafunsa ngati foniyo ndi yathu, ndipo palibe amene amamuda.

Ntchito yoyera ya chainsaw ilipo yambiri kuposa mmene timaganizira. Mphepo ya dzinja ikagwetsa mtengo pa denga la sukulu kapena pa msewu wopita ku Chanida, pamafunika munthu wa makina. Mango akale amafuna kuphadzidwa. Bulugama ndi malaina amene anthu anadzala okha amafuna wodula ndi wocheka. Lamulo lomwelo la 2015 linatsegula njira yoti midzi ikhale ndi magulu oyang'anira nkhalango zawo, ndipo magulu oterowo akamadula mwadongosolo adzafuna makanika wokhulupirika. Kasitomala wotere tim'patse mtengo wabwino ndipo makina ake tiyambe ndiwo. Wokayikitsa uja adikire, kapena apite kwina.

Pa chitetezo pokha tisanyengerere aliyense. Nsonga ya bala ikagunda chinthu mosayembekezera, makina amadumphira kumaso mofulumira kuposa kuphethira, tcheni ikuthamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Buleki ya tcheni anaiikira zimenezo. Eni makina ambiri amati ichotsedwe ikathyoka, ati imangosokoneza. Pamene wopanga anaika buleki, makina asatuluke pa benchi yathu opanda buleki, ngakhale mwini wake akwiye. 070 ija ilibe buleki chibadwire ndipo imalemera makilo oposa 10, choncho si yopatsa mwana wa sukulu amene akufuna ya transport. Kuchokera m'mapiri a ku Vubwi kapena m'midzi ya kwa Nyanje kukafika kumene kuli dokotala wa opaleshoni, monga ku St Francis, ndi ulendo wautali kwa munthu amene mwendo ukukha magazi pa honda.

Kwa amene akufuna kuyamba: gulani makina akufa amodzi, otchipa, muwamasule mukujambula ndi foni sitepe iliyonse kuti musaiwale pobwezera. Khalani pafupi ndi amdala amene anagwira zitsulo ife tisanabadwe, ngakhale akutumeni madzi mwezi wathunthu. Kuyambira 2022, pamene CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, mwakhala muli ndalama ya mabasare a maphunziro a luso, ndipo Chipata Trades siili kutali; kafunseni ku khonsolo. Dzanja limene lazolowera kabureta ya chainsaw silivutika ndi pampu ya madzi ya kudimba, jenereta ya pa barbershop, makina otchetchera udzu kapena honda. Pampu zokhazo, m'madimba a tomato ndi repu a ku Katete ndi Sinda, zimafuna makanika kuyambira May mpaka mvula itagwa.