Wokupatsa Mpando Ndiye Mwini Lilime Lako

M'maiko ambiri Nyumba ya Malamulo ili ndi zipinda ziwiri. M'chipinda chapansi mumakhala aphungu amene anthu adawasankha okha poponya voti. M'chipinda chapamwamba, chimene ena amachitcha Seneti, mumakhala akuluakulu amene ntchito yawo ndi kupendanso malamulo ochokera kwa aphungu aja. M'maiko ena akuluakulu amenewa sasankhidwa ndi anthu ayi. Amangolozedwa chala ndi wolamulira. Ine nditi mchitidwe umenewu ngwoipa, ndipo mbiri ya maiko ikundichitira umboni.

Tiyambe ndi dziko la Britain. Kumeneko chipinda chapamwamba chimatchedwa House of Lords. Kuyambira kale, mfumu ndiyo inkakweza munthu kuti akakhale m'menemo, ndipo iye akamwalira mwana wake ankalowa m'malo. Kumapeto kwa chaka cha 1711, nduna za Mfumukazi Anne zidafuna kuleka nkhondo ndi dziko la France, koma akuluakulu ambiri a m'chipindamo adakana. Kodi mfumukazi idatani? Idangokweza anthu khumi ndi awiri nthawi imodzi, onse omvera ndunazo. Okana aja adachepa mphamvu, ndipo zofuna za boma zidatheka. Taonani, palibe amene adagonja ndi mfundo pamenepa. Mlandu udatha ndi kuchuluka kwa mipando.

Tsiku lina chipindacho chidalimbana ndi anthu wamba. M'chaka cha 1909, nduna ya zachuma David Lloyd George adakonza misonkho yatsopano yokhudza anthu olemera ndi eni minda ikuluikulu. Aphungu osankhidwa adavomera. Akuluakulu aja, ambiri a iwo eni minda, adakana. Dziko lidachita zisankho ziwiri m'chaka cha 1910 chifukwa cha mkanganowu. Potsiriza Mfumu George V idalonjeza kuti ikweza anthu atsopano ambirimbiri ngati akuluakuluwo apitiriza kuuma mutu. Pamenepo adagonja, ndipo lamulo la 1911 lidawalanda mphamvu yoletsa malamulo a ndalama. Malamulo ena adangololedwa kuwachedwetsa zaka ziwiri, ndipo mu 1949 nthawiyo idachepetsedwa kukhala chaka chimodzi.

Wina anganene kuti, "Nanga si apa kuloza chala kudathandiza anthu?" Inde kudathandiza tsiku limenelo. Koma mpeni umene wasenda chinangwa lero ndi womwewo ungakucheke mawa. Chipinda chimene chimagonja pokhapokha wolamulira akachiopseza sichili m'manja mwa anthu. Chili m'manja mwa wolamulirayo.

Ndipo pamene mipando ili m'thumba la munthu mmodzi, amalonda sachedwa kufika. Lloyd George yemweyo atakhala nduna yaikulu, padabuka mbiri yonyansa mu 1922 yakuti maina aulemu ankagulitsidwa kwa anthu opereka ndalama ku chipani. Manyazi adakula kotero kuti mu 1925 adakhazikitsa lamulo loletsa malonda otere. Mu 1958 adayamba kukweza anthu oti akhale m'chipindamo moyo wawo wonse koma osasiyira ana awo, ndipo akazi adalowamo koyamba. Mu 1999 adachotsa ambiri olowa chifukwa cha kubadwa, nasiyako 92 okha. Zimenezi zidali zabwino ndithu. Koma sadaike malire a chiwerengero, ndipo m'zaka zina a m'chipindamo adapitirira 800, pamene aphungu osankhidwa ndi anthu adali 650.

Tiwoloke nyanja tsopano, tipite ku Canada, dziko limene lidatengera mwambo wa Britain. Seneti yake idayamba mu 1867. Amene amakweza anthu ndi Bwanamkubwa Wamkulu, koma maina amachokera kwa nduna yaikulu. Poyamba munthu ankakhalamo mpaka imfa, kufikira mu 1965 pamene adalamula kuti azipuma akakwanitsa zaka 75. M'chaka cha 1990, Seneti idatsekereza msonkho watsopano wa pa katundu wogula, umene anthu ambiri adadana nawo. Nduna yaikulu Brian Mulroney adapempha chilolezo cha Mfumukazi Elizabeth II, nawonjezera anthu asanu ndi atatu m'chipindamo. Msonkho udadutsa, nuyamba kugwira ntchito mu 1991. Padapita zaka pafupifupi 280 chichitikire cha Mfumukazi Anne, koma chenjerero lidali lomwe lija.

Tsono timve mawu a otsutsa, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Iwo amati: "Alipo anthu anzeru, madokotala, oweruza opuma ndi aphunzitsi, amene sangathe kuyenda m'midzi kupempha mavoti. Kodi nzeru zawo zitayike? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto." Mawu amenewa ngoona, ndipo sindiwanyoza. Nzoonanso kuti ena olozedwa chala adagwira ntchito yabwino, nakonza malamulo olembedwa mothamanga. Koma funsani kuti dambolo adakumba ndani. Ine ndikaloledwa kusankha ndekha munthu wodzayendera sukulu yanga, kodi ndidzaitana amene amandidzudzula? Ndidzaitana bwenzi langa, ndipo ana a eni ake ndiwo adzavutike. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma wolamulira saitana womutsina khutu kawirikawiri.

Ngati nzeru zifunikadi, njira ilipo yozilowetsera popanda kupereka chipinda chonse kwa munthu mmodzi. Ku India, m'chipinda chapamwamba chotchedwa Rajya Sabha, Pulezidenti amaloza anthu khumi ndi awiri okha, odziwa zolembalemba, sayansi, luso ndi ntchito zothandiza anthu. Ena onse, oposa 200, amasankhidwa ndi aphungu a m'zigawo. Olozedwawo amakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu awo amamveka, koma ngochepa kotero kuti sangakhale eni chipinda.

Nkhaniyi si ya kutali kokha ayi. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 adalonjeza Seneti ya anthu 80. Ena akadachokera m'maboma, ena akadakhala mafumu osankhidwa ndi mafumu anzawo, ndipo ena akadaimira magulu monga amayi, anthu olumala ndi mipingo. Olemba malamulowo adachenjera posapatsa Pulezidenti mphamvu yodzaza chipindacho. Koma Senetiyo sidakhalepo ngakhale tsiku limodzi, pakuti Nyumba ya Malamulo idaichotsa mu 2001.

Chifukwa chake, abale anga, tsiku lina mukadzamva anthu akukamba zokhazikitsa chipinda chachiwiri, musadzakopeke ndi dzina lokoma lakuti "nyumba ya akuluakulu". Mudzafunse mafunso atatu. Loyamba: adzawasankha ndani? Lachiwiri: adzakhala angati, ndipo ndani angathe kuwonjezera chiwerengerocho? Lachitatu: adzakhalamo zaka zingati, ndipo akalakwa tidzawachotsa bwanji? Ngati yankho la mafunso onsewa ndi munthu mmodzi, mudzakane.

Inu mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, ena mutatopa ndi khasu tsiku lonse. Simudavutike chotero kuti wina azikulemberani malamulo inu osamudziwa. Munthu wokhazikitsa msonkho umene inu mudzalipire ayenera kudziwa kuti mpando wake udachokera kwa inu, ndi kuti inu nomwe mungathe kumulanda.